Eyakoni ya Lole Yakale ndi Mapu a Boma la Ntcheu

Eyakoni, yomwe ndi makina oziziritsa mpweya m'galimoto, imatola kutentha kwa m'kati n'kukakutaya panja kudzera mwa gasi amene amazungulira m'mapaipi mokankhidwa ndi kompuresa, pampu yoyendetsedwa ndi lamba wa injini. Gasi ameneyu, amene m'magalimoto ambiri ndi R134a chithetsereni R12 potsatira pangano la ku Montreal la 1987, amachokera kunja pogulidwa ndi madola, ndipo kuyambira pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake umatulutsa thukuta loposa limene gasiyo angaumitse.

Mlembi wa nkhani ino, amene lole yake ndi yaikulu msinkhu kuposa mwana wake wachisamba, wafufuza mwakuya n'kupeza kuti eyakoni yake imazizira modabwitsa ku Tsangano m'mamawa wa mwezi wa Juni, ngakhale itazimitsidwa, pamene ku chigwa cha Bwanje mu Okutobala imangomupumira kumaso ngati ng'ombe yotopa. Motero iye anagamula kuti makinawo alibe mlandu, wolakwa ndi mapu a boma la Ntcheu, amene anayala madera ena m'munsi osaganizira eni malole.

Amakaniko, amene satsatira chiphunzitso chimenechi, amayamba ndi zotsika mtengo: amaona ngati fyuzi yapsa kapena lamba walefuka, amatchera khutu kuti amve ngati kompuresa ikuti "kha" ikayatsidwa, kenaka amatsuka kondensa, kachitsulo ka timabowo kokhala kutsogolo kwa rediyeta kamene kamataya kutentha, chifukwa fumbi ndi udzu zikakatseka mpweya sudutsa. Zonsezi zikakhala bwino amapaka thovu la sopo polumikizira mapaipi, ndipo pamene thovulo latukusira, kapena pamene pali banga la mafuta lomata fumbi, ndi pomwe gasi akuthawira. Kuthira wina osatseka pamenepo n'kuziziritsa msewu wa M1 ndi ndalama za m'thumba. Mlembi anamvetsera zonsezi mwaulemu, anafunsa mtengo, ndipo atauzidwa anafunsanso kuti kuchoka pagalajapo kukafika ku Tsangano ndi mtunda wotani.

Chosaseketsa chili kumbuyo kwa loleyo. Tomato ndi kabichi za ku Lizulu zimayenda padzuwa popanda chozizira chilichonse, ndipo mlimi amagulitsa motaya chifukwa alibe pozisunga kuti adikire mtengo wabwino, vuto limene lakhalitsa kuposa lole ya mlembi.

Pakadali pano mlembi wakhazikitsa ndondomeko yakuti aliyense wofuna kugula loleyo aziyesa eyakoni ku Tsangano kokha dzuwa lisanatuluke, ndipo wochokera ku Bwanje akuuzidwa kuti galimotoyo inagulidwa kale.