Musataye, n'zopita kumudzi

Ejenti wogulitsa nyumba ku Leeds akalowa kwa Mmalawi amayamba ndi kumwetulira, koma kumwetulirako kumathera pabalaza. Amaima pakati pa mipando yovekedwa tinsalu toluka, kabati yodzaza mbale zimene sizinalawepo ndiwo chigulireni, kalendala ya mpingo ya zaka zinayi zapitazo ndi firiji yachiwiri imene inasowa malo kukhitchini. Kenako amanena mwaulemu wonse kuti nyumbayi ndi yokongola, kungoti ogula amafuna kuona makoma ndi pansi pomwe. Wojambula abwera Lachisanu, zithunzi zipita pa tsamba lotsatsa nyumba la Rightmove.

Nyumba zambiri za ku Harehills ndi Beeston n'zazing'ono, zogundana khoma ndi khoma, zina zopanda n'khomo lakuseri lomwe. Anamangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale, amene katundu wawo yense ankakwana pangolo imodzi. Ife tinalowamo n'kuzisandutsa nkhokwe.

Nkhondo imayambira kukhitchini.

"Mayi a ana, zigubu za ayisikirimu zonsezi n'zantchito yanji?"

"Musazikhudze, bambo. Nyemba mumatenga kuntchito zija mumati zimalowa m'chiyani?"

Pansi pa sinki pali jumbo yaikulu, m'kati mwake muli majumbo, m'majumbomo mulinso majumbo. Boma la kuno litalamula mu 2015 kuti jumbo izigulidwa 5p, n'kudzakweza kufika 10p mu 2021, mayi anasiya kuiona ngati chinyalala. Ndi chuma chimenecho, ana adzagawana.

Bambo nawo asanamizire kuyera. Ali ndi masuti a paukwati amene mimba inawakana kalekale, makompyuta atatu akufa, wailesi ya makaseti, ndi katoni ya mawaya amene palibe akudziwa chimene ankalumikiza. Mayi akangotola chimodzi, yankho lilipo kale: "Chisiyeni, mlamu wanu wa ku Ndirande akachikonza." Mawu akuti "n'chopita kumudzi" ndiwo chitupa chokhalira m'dziko muno cha katundu aliyense wotha ntchito, ndipo chitupa chake sichitha masiku. Mgolo wabuluu wa katundu wopita kumudziyo uli pansi pa masitepe, wodzaza mpaka kukamwa, ukudikira kontena. Kontena imanyamuka ndithu, kangapo pachaka. Imene sinyamuka ndi ndalama yolipirira mgolowo, chifukwa mwezi uliwonse kumagwa maliro kapena fizi.

Lamulo limafunanso kuti nyumba isanagulitsidwe ikhale ndi satifiketi ya EPC, yosonyeza mmene imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G. Woyeza amakwera kudenga kukaona ngati munayalidwa zotchinga kuzizira. Amapezamo masutikesi, mabulangete ndi matumba a zovala za ana amene pano ali ndi ndevu. Bambo, ataima pansi pa makwerero, amafunsa mwachidwi ngati zimenezo sizingawonjezereko malikisi.

Kutaya nakonso kuli ndi mwambo wake. Kwathu ukaika mpando wothyoka panja pa geti, usanalowe m'nyumba wapeza kale mwini watsopano. Kuno ukausiya m'mbali mwa msewu, khonsolo ikhoza kukulipiritsa mpaka £1,000. A bungwe lachifundo la British Heart Foundation amabwera kudzatenga mipando mwaulere, koma sofa yopanda kansalu kosonyeza kuti inayesedwa za moto amaisiya pomwepo, ndipo kansaluko mayi anakadula tsiku loyamba poti kankanyansa. Ndiye munthu wamkulu, dikoni wa mpingo, amapezeka pamzere wa magalimoto kudzala la khonsolo, akuponya m'chibini sofa imene ku Area 25 ikanakhalidwa ndi alendo a chinkhoswe. Pobwerera sayankhula ndi munthu.

Zovala zimapita kumashopu othandiza osowa, mayi akuusa moyo pa diresi iliyonse. Asadandaule kwambiri. Zimene mashopuwo alephera kugulitsa amagulitsa kwa amalonda, amalondawo amazimanga mabelo, mabelowo n'kukwera sitima. Jekete la bambo likhoza kufika pa kaunjika wa mumsika wa Tsoka ku Lilongwe mgolo uja usanasunthe, mphwawo n'kuligula ndi ndalama imene bambo omwewo anatumiza pa Mukuru.

Chotsala ndi fungo. Ejenti amalangiza kuti ogula akamabwera m'nyumba muzinunkhira khofi kapena buledi wongophika kumene. Makoma amene amwa usipa ndi utaka kwa zaka khumi ndi zisanu samvera khofi. Banja lonse limalowa m'nyengo yosala: sabata zitatu popanda nsomba zouma, mawindo ali pululu mwezi wa February, ana akudya atavala majekete.

Tsiku loonetsa nyumba ndilo lomvetsa chisoni. Zithunzi za agogo zatsitsidwa, vesi la pakhoma lalowa m'katoni, kuti wogula aziona ngati nyumbayo ndi yake kale. Alendowo amalowa ndi nsapato, osagogoda odi wakumtima, osafunsa kuti kunyumba kuno mwadzuka bwanji. Amalunjika kuchipinda chogona cha eni ake, kumene ngakhale apongozi sanapondeko, n'kutsegula wadiropu. Mayi anakonza tiyi ndi mandasi, iwo akuti zikomo, tathamangira kukaona ina ku Chapeltown. Mayi amatsala akupukusa mutu: "Anthu okana chakudya awa, ndiwo tiwasiyire nyumba?"

Nanga katundu yense uja wapita kuti? Wotayidwadi ndi sofa ija basi. Wina ali m'buti ya galimoto, wina m'galaja ya achimwene ku Bradford, wina m'chipinda cha lendi chosungirako katundu, kumene banjali likulipira mwezi ndi mwezi kuti makaseti asanyowe.

Inu akumudzi amene munalonjezedwa katundu, musataye mtima, mgolo uli bwino ndipo wasamukira kunyumba yatsopano. Koma mwana uja munatumiza saizi ya nsapato zake ali sitandade 3, mumuyezenso phazi, poti tikumva kuti tsopano ali ku MUBAS.