Fayilo yaikulu sameza yathunthu

Kaya mukulemba mapulogalamu a pa intaneti ku Fairbridge Park mumzinda wa Mutare kapena ku Ndirande, matenda ake ndi amodzi: dyera. Chilankhulo cha PHP, chomwe Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995, chili ndi lamulo lokoma lotchedwa file_get_contents. Mzere umodzi basi, fayilo yonse yalowa. Anyamata othamangira kuweruka salisiya.

Pa kafayilo kakang'ono palibe mlandu. Koma tayesani fayilo ya 500 MB pamene PHP mwachizolowezi imangolola memori ya 128 MB. Pulogalamu imatsamwa, tsamba limayera mbee, bwana amaimba foni pakati pa usiku, ndipo wolakwa, monga mwa masiku onse, amakhala netiweki.

Komatu mlendo, angakhale ndi njala yotani, sameza mtanda wa nsima wathunthu. Amatema mbamu, kumeza, n'kutemanso. Ndiyo ntchito ya fopen ndi fgets: kutsegula fayilo, kuwerenga mzere umodzi, kuthana nawo, kenako wina. Mukamaliza, itsekeni ndi fclose. Ikakhala yongopita kwa wowerenga, readfile imaitumiza osaiunjika yonse m'memori.

Choncho achimwene, musanameze, yambani mwafunsa filesize kukula kwa fayiloyo. Netiweki yanamiziridwa mokwanira.