Chikomekome cha Nkhuyu Chafika pa Bwalo la Basketball

Makolo amene anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere sanagwirepo foni, koma malonda a pa Facebook ankawadziwa kale. Nkhuyu za masiku ano ndi matailosi apulasitiki, abuluu ndi ofiira, olumana m'mbali, oti ukangoyala pakhomo bwalo la basketball latheka. Wogulitsa amalumbira kuti mmisiri safunika, ngakhale mwana angathe. Bambo wa pa Chimbiya amene kachewere wamuyanja chaka chino akangoona chithunzicho, mtima dyokodyoko, tulo osabwera.

Bambo, yambani mwabwereka tepi. Bwalo lathunthu ndi mamita 28 m'litali, 15 m'lifupi. Kuti likwane pakhomo panu, khola la nkhumba lisamuke, nkhokwe igwe, apongozi asunthe malire. Ngakhale kabwalo ka atatuatatu, kamene kanalowa mu Olympics ku Tokyo mu 2021, n'ka mamita 15 ndi 11. Pa kabwaloko matailosi a masentimita 30 angafunike pafupifupi 1,800, ndipo lililonse likufuna bondo lanu pansi.

Nyerere zenizeni zili kunsi. Tailosi silibisa chilema cha dothi, limangochitsatira. Pamene pali chulu nalonso litukumuka, pamene pali dzenje mpira ukagunda ungoti phwa, osadzukanso. Pansi pamafunika konkire yosalala, yopendekera pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi a mvula apeze njira. Koma kuno ku Dedza mtunda tinapatsidwa wosefukira. Mukalakwitsa levulo, mpira uuyamba ulendo wa ku M1, ndipo mukaupeza pakati pa minibasi ndi anyamata ootcha nyama, akukufunsani ngati mufuna ya nkhumba kapena ya mbuzi.

Siyaninso mpata m'mphepete. Pulasitiki amakhwinyata ndi chisanu cha mu Juni, n'kufutukuka ndi dzuwa la mu Okutobala. Mukamupanikiza kukhoma adzatupa pakati, ana n'kumapunthwa asanagoletse n'kamodzi komwe.

Matailosi a panja ali ndi timabowo totayira madzi. Izi amayi a kunyumba sanauzidwe. Iwo aona malo oyera oyanikapo mphale, mkeka osafunikanso. Mphale ilowa m'timabowo, nkhuku zibwera kudzajompha, ndipo sabata isanathe mukatukula tailosi limodzi mupeza mwambi uja wakwaniritsidwa: pamwamba buluu waliwali, kunsi nyerere mudzi wathunthu, ndi nyakwawa yomwe.

Vuto lomaliza n'lakuti bwalolo ndi lonyamulika, ndipo pamudzi chonyamulika n'chobwerekeka. Loweruka lipita ku chinkhoswe kuti ovina asadzutse fumbi, Lamulungu ku msonkhano wa kwaya. Pobwera lidzakhala ndi magweru, matailosi ena atasanduka chopondera pa bafa ya eni ake.

James Naismith poyambitsa masewerawa mu 1891 ku Springfield, ku America, anangokhomera madengu a mapichesi m'mwamba, mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo mpaka lero mulingo ndi womwewo. Mapichesi ku Dedza aliko, madengu n'osasowa.

Choncho bambo, ndalama ya kachewere iyambe yagula simenti, mchenga ndi miyala, ilipirenso mmisiri wodziwa levulo. Matailosi abwere pambuyo. Ndalama ikathera pa konkire musadandaule, ana adzasewera ndithu, ndipo konkire palibe angabwere kudzaibwereka.