Amalume Atumiza Laibulale mu Envulopu

Banja lina la ku Dedza linkadikira filiji. Lole ya transipota itadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kufika pa boma, chimene chinatsika cha banjali chinali chikwama chopepuka: malaya awiri, chigubu cha mafuta ophikira, ndi envulopu yonenepa. Mu envulopumo munali kalata yolembedwa mbali zonse za pepala, ndipo pakona pake panali kamemori khadi komatidwa ndi selotepi.

Makalata a ku Joni sanayambe lero. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, amuna opita kumigodi ankalembera kwawo, ndipo kalatayo inkawerengedwa pakhonde ndi mwana wa sukulu, akuluakulu atatchera khutu kuti amve pamene patchulidwe ndalama. Amene wasiya kulemba ankadziwika kuti watchona. Masiku ano ndalama zimabwera pa Mukuru, moni amabwera pa WhatsApp, choncho kalata ya papepala inadabwitsa mudzi wonse. Mwana wa Fomu 4 ndiye anapatsidwa kuti awerenge, poti olembawo ndi amalume ake enieni, mlongo wa mayi ake, amene amamulipirira fizi.

"Achemwali," inayamba motero kalatayo, "ine kuno ndili bwino, kaya inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Za filiji ndazimva. Koma poti magetsi kwanuko sanafike, ndipo kuno kumene anafika kalekale amathimathimanso, ndati ndiyambe ndatumiza katundu wosalira magetsi ambiri. Musataye kakhadiko. Muli mabuku oti ngolo ya alamu singanyamule ulendo umodzi."

Alamuwo akuti anatsokomola, n'kupempha kuti mwanayo adumphe afike pa nkhani ya ndalama. Nkhani ya ndalama munalibe.

Amalumewa amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina cha ku Randburg. Wi-Fi ya abwana awo imafika mpaka pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, ndipo malinga ndi kalatayo, palibe mtengo wina mu Johannesburg monse umene umathiriridwa mokhulupirika kuposa umenewo. Dzanja limodzi paipi, linalo foni. Mkulu wa panyumbapo, amene anapuma pantchito ndipo amakhalira kuwerenga, ndiye anawaonetsa khomo loyamba: Project Gutenberg.

Nkhokwe imeneyi anaiyambitsa ndi Michael Hart ku America mu 1971, ndipo lero ili ndi mabuku oposa 70,000 amene munthu amatenga osalipira, osalembetsa dzina, osapereka nambala ya foni. Chinsinsi chake n'chakuti mabukuwo ndi akale. Ku America, buku likatha zaka 95 chisindikizidwire limakhala la aliyense, ndipo anthu ongodzipereka amalikonza kuti liziwerengeka pa foni ndi pa kompyuta. Amalume anamulangiza mphwawoyo kuti akamatenga yekha azisankha mtundu wa EPUB wopanda zithunzi. Buku lotere nthawi zambiri silifika ndi megabaiti imodzi yomwe, kutanthauza kuti kavidiyo kamodzi ka anthu ovina pa ukwati kamadya bandulo yokwana mabuku ambirimbiri.

Loyamba kulitenga linali la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles, lofotokoza ulendo wawo wa pa Zambezi ndi Shire, pamene anafika ku Chilwa ndi ku nyanja yaikulu mu 1859. Amalume anati analitsegula pofuna kuona m'mene azungu ankatinenera, koma chimene chinawakomera kwambiri ndi sitima ya a Livingstone, Ma Robert. Inkadya nkhuni moti anthu ankatha nthawi yaitali akudula mitengo kuti iyende pang'ono chabe, inkadontha, ndipo inkapuma mobanika mpaka eni ake anaipatsa dzina la wodwala mphumu. "Alamu asadzadandaulenso za maminibasi a pa msewu wa Lilongwe," analemba motero. "Mavuto a transipoti kwathuko ali ndi mbiri."

Lachiwiri silinawaseketse. Native Life in South Africa, la Sol Plaatje, linatuluka mu 1916. Plaatje, mlembi wamkulu woyamba wa chipani chimene pambuyo pake chinadzatchedwa ANC, anakwera njinga n'kuyendera madera a ku Free State kukaona mabanja amene anathamangitsidwa m'mafamu lamulo la malo la 1913 litakhazikitsidwa. Lamulolo linasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse a dziko lawo lomwe. Amalume anati atamaliza bukuli anayamba kumvetsa chifukwa chake nkhani ya malo imawotcha chonchi m'matekisi a ku Joni, ndiponso chifukwa chake mlendo amachita bwino kumvetsera kaye asanaponyepo mawu. Anawonjezapo Up from Slavery, la Booker T. Washington, la mu 1901, kuti mwanayo aone munthu wobadwira mu ukapolo akusesa chipinda mobwerezabwereza pofuna malo pa sukulu. Pamenepa mayi a mwanayo akuti anauza wowerengayo kuti abwereze.

Kenaka kalata inafika pa za sukulu. OpenStax, ya ku Rice University mumzinda wa Houston, imapereka ulere mabuku athunthu a masamu, bayoloje, kemisitire, fizikisi ndi zachuma. Siyavula, ya ku South Africa konko, ili ndi mabuku a masamu ndi sayansi a makalasi a kusekondale. Amalume anaikamo angapo, koma anachenjeza molemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mabuku amenewa sanalembedwe motsata silabasi ya MANEB. Oyambawo ndi a ophunzira a m'makoleji a ku America, enawo ndi a sukulu za ku Joni. Ntchito yake n'kuthandiza pamene buku la m'kalasi lafotokoza mwachidule, kapena pamene buku limodzi likulimbiranidwa ndi ana khumi. Mwana akakalephera mayeso, asadzanene kuti anasokonezedwa ndi Houston.

Anamukumbutsanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene atasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 anapeza buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale ka kwawo, n'kupanga makina a mphepo opukusa magetsi. Amalume anati sakuyembekezera zambiri chotero. Mwanayo akangokonza wailesi ya agogo ake, iwo akhutira.

Kwa achemwali awo anaikamo mitu ina ya Where There Is No Doctor, buku la David Werner limene bungwe la Hesperian limalola anthu kuwerenga ulere pa intaneti, ndi chenjezo lakuti bukulo silinabwere kudzatseka chipatala. Kwa alamu anaikamo buku la bungwe la FAO la mu 2004 lonena za kuweta nkhuku pakhomo: makola, zakudya, ndi katemera wa chitopa.

Mabuku atsopano ndiye nkhani ina. Long Walk to Freedom la Nelson Mandela, la mu 1994, kapena Born a Crime la Trevor Noah, la mu 2016, ali ndi eni ake, ndipo njira zoongoka zowapezera ndi ziwiri: kubwereka kapena kugula.

Pa kubwereka, malaibulale a boma m'zigawo zina za South Africa amabwereketsa mabuku a pa foni kudzera pa pulogalamu yotchedwa Libby. Chofunika ndi khadi la laibulale, ndipo khadilo limafuna chiphaso ndi umboni wa kumene munthu amakhala. Apa ndi pamene panali ntchito. Amalume amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu wina, komwe bilu ya madzi kapena ya magetsi sibwera m'dzina lawo. Anauzidwa kuti apite kupolisi ndi mwini nyumba, akalumbire kuti mkuluyu amakhaladi pamenepo. "Achemwali, taganizani," inatero kalatayo, "Mmalawi kuvala jekete m'mawa n'kupita kupolisi ndi miyendo yake, popanda womugwira lamba. Anzanga anayamba kugawana mapoto anga." Anabwerako bwinobwino ndi pepala la chidindo, ndipo mapotowo anabwezedwa, kupatula imodzi.

Chimene chinawasangalatsa pa Libby n'chakuti masiku obwereka akatha, buku limabwerera lokha. Palibe faindi, palibe kuzemba woyang'anira laibulale pamsika. Choipa chake n'chakuti limachoka ngakhale munthu ali pakati pa mutu wokoma, ndipo buku lotchuka limakhala ndi mzere wa anthu olidikira. Khomo lina lobwerekera ndi Open Library ya Internet Archive, nkhokwe imene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996. Kumeneko mabuku ena amabwerekedwa kwa ola limodzi lokha. Makampani akuluakulu osindikiza mabuku anaisumira nkhokweyi, inagonja mu 2023 ndipo apilo yake inakanidwa mu 2024, moti mabuku oposa 500,000 anachotsedwa pa mndandanda wobwereketsa. Akalekale, monga British Central Africa la Harry Johnston la mu 1897, akadalipo oti munthu n'kutenga.

Pa kugula, amalume anati nzeru yake ndi ya pa kaunjika: mtengo wa m'mawa si wa madzulo, ndipo wodziwa amafika belo likutsegulidwa. Amazon imatsitsa mitengo ya mabuku ena a Kindle tsiku lililonse, kwa tsiku limodzi lokha. BookBub imatumiza uthenga wa imelo wa mabuku otsitsidwa, munthu atasankha yekha mitundu imene amakonda, kaya mbiri yakale, sayansi kapena bizinesi, ndipo ambiri amatsika kufika pa dola imodzi, awiri kapena atatu. Kobo ndi Google Play Books amagulitsa m'marandi, zimene zimapepuza mutu kwa munthu wosafuna kuwerengetsera madola usiku. Malangizo awo anali atatu. Buku ulifunalo uliike pa mndandanda wa zokhumba, uzilizonda mpaka litatsika. Usanalipire, tenga kaye masamba oyambirira amene amaperekedwa ulere, chifukwa mabuku ambiri olonjeza chuma amathera pa chikuto. Ndipo uonetsetse mtengo pa tsamba lolipirira, popeza kutsitsa kwina kumakhala kwa anthu a ku America ndi ku Britain okha. Wa ku Joni akafikapo amapeza mtengo uli chiimire.

Mabuku ogula ndi obwereka sanawaike pa kakhadi kaja. Ambiri amakhala okiyidwa, amatseguka pa akaunti ya mwini wake yokha. Amalume anati anayesa kufotokozera mnzawo wina wa ku Mzimba kuti buku analigula ndi ndalama zake koma sangamubwereke, ndipo mnzawoyo mpaka lero amawatenga ngati munthu womana.

Panali ndime ya machenjezo. Kampani ina yobwereketsa mabuku pamwezi inawalonjeza mwezi waulere, n'kupempha nambala ya khadi la kubanki "pongofuna kutsimikiza". Mwezi utatha ndalama zinayamba kutuluka zokha, mwakachetechete, mpaka foni inalira ali pamzere wogula buledi. Masamba ena a pa intaneti amaika mabatani obiriwira anayi olembedwa Download, ndipo atatu mwa iwo amabweretsa zotsatsa za juga kapena vairasi. Za mabuku atsopano ozungulira pa magulu a WhatsApp, amalume anati amenewo ndi akuba, ngakhale atatumizidwa ndi mkulu wa mpingo. Wolemba buku naye amadya, ndipo kwathu kuno COSOMA inakhazikitsidwira zomwezo.

Chakumapeto anakumbukira agogo, amene maso anayamba kuchita chifunga ndiponso Chingerezi sachimva. LibriVox, yoyambitsidwa mu 2005, ili ndi mabuku akale owerengedwa mokweza ndi anthu ongodzipereka, koma ochuluka ndi a m'Chingerezi, choncho mwanayo analamulidwa kuti madzulo aziwamasulira agogowo nkhani ya sitima ya mphumu ija. Anadandaulanso kuti buku limene akulilakalaka kwambiri, My Life and the ICU la Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku Cape Town mu 1919, linasindikizidwa mu 1970, choncho zaka 95 zija zikadali kutali. Anati akapanda kulipeza mu laibulale, adzaliwerengera ndi mdzukulu wa mphwawoyo pa manda awo.

Yankho linapita pa WhatsApp patatha masabata angapo. Mwanayo anathokoza, n'kunena kuti mabuku a masamu akuthandiza, kungoti foni ya panyumba ndi imodzi ndipo kutchajitsa pa shopu ya sola kumafuna ndalama. Achemwali anati tsopano akudziwa kusakaniza madzi a mchere ndi shuga mwana akatsegula m'mimba. Kenaka panabwera uthenga wa mawu wautali wochokera kwa alamu. Buku la nkhuku lija anawamasulira lonse ndi mwanayo, ndipo agwirizana nalo mutu ndi mutu. Malo a khola ayeza kale kuseri kwa nkhokwe. Chatsala ndi malata asanu ndi limodzi, waya, anapiye makumi asanu, matumba awiri a zakudya ndi katemera wa chitopa, ndipo mitengo yake anaitchula bwinobwino, m'makwacha ndi m'marandi momwe, kuti mlamu wawo asavutike kuwerengetsera.