Ulemu kwa a Nsalu Yabuluu

Kuno ku Petauke mafumu timawaombera m'manja, ndipo lero ndikuombera mfumu yopanda mudzi koma yomveka: a Nsalu Yabuluu, amene mumaphimba nkhope ya kompyuta ntchito ili mkati. Zikomo kwambiri, a mfumu.

Anthu amakunenani kuti mumangobwera ngati mvula ya mwadzidzidzi. Akunama. Inu mumabwera poitanidwa. Mnyamata wa pa shopu yosindikiza makalata ali ndi intaneti pa kompyuta imodzi, makasitomala ali pa zitatu. Ndiye amalumikiza Wi-Fi ndi waya wa netiweki, n'kumanga chimene amisiri amati bridge, ulalo woti zonse ziziwoloka. Koma m'kompyutamo muli kale mlonda, firewall, amene ntchito yake ndi kusecha katundu aliyense wodutsa. Amene anakwerapo basi yopita ku Lusaka akudziwa za pa ulalo wa Luangwa: ulalo umati dutsani, asilikali amati taimani. Kumeneko amamvana. M'kompyuta, ulalo ndi mlonda uja amakhala m'chipinda chimodzi chamkati chotchedwa kernel, ndipo driver wa mmodzi akapisa dzanja m'memori imene si yake, inu simuitana nduna kapena mboni. Mumatseka bwalo lonse.

Chilungamo chotere chimasowa. Ogwira ntchito ena makina akavuta amanamizira netiweki, kapena amati bwerani mawa. Inu mumalemba mlandu poyera, m'zilembo zikuluzikulu: DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Dzina lalitali ngati la mfumu yolowa kumene ufumu, ndipo m'shopu monse palibe amene amalimva, koma lalembedwa. Kuyambira 2012 munayambanso kuika kankhope kachisoni pamwamba, kusonyeza kuti munaleredwa bwino.

Tsankho mulibenso. Pa 19 July 2024, pulogalamu yachitetezo ya kampani ya CrowdStrike itasokoneza kernel, munaphimba makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni tsiku limodzi. Ndege zinalephera kunyamuka ku America ndi ku Ulaya, mabanki ndi zipatala anabwerera ku cholembera. Bwana wa tayi ku London anayang'ana nsalu yomweyo imene amayang'ana mwana wa Giredi 12 wa ku Minga pofuna kuona zotsatira zake. Ndani winanso anatifananitsapo chonchi?

Ku Nyimba ndiye muyenera kupatsidwa mkoko wonse wa nthochi. Kompyuta ikamayambiranso, mzere wonse umatuluka panja, amayi a m'mbali mwa Great East Road n'kugulitsa. Amalume amene anabwera kudzadzaza fomu amakumana ndi mnzawo wa kusukulu, nkhani ya mtengo wa feteleza n'kuyamba. Fomuyo yapita, inde, koma inali ndi zolakwika kale.

Adani anu alipo. Amanong'oneza mnyamata uja kuti aphwasule ulalowo, agule karauta kotchipa, kapena aike driver watsopano wa firewall. Choipa n'chakuti mankhwala awo amagwiradi ntchito. Mu 2025 a Microsoft nawo anakuvulani buluu wanu pa Windows 11 n'kukuvekani zakuda, ngati wopita kumaliro. Kwathu kuno makompyuta akale akadalipo ambiri, choncho chovala chanu tikusungirani.

Pempho langa ndi limodzi, a mfumu. Lolemba ndikukalemba kalata yofunsira ntchito. Mukafuna kudzandiona, dikirani kaye pepala lituluke m'printa.