Za Kunyowa kwa Anthu a ku Bindura

Chiyambire pamene makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi, nawoloka Zambezi ku Tete mitolo ili pamutu, kudzafuna ntchito m'migodi ya mudzi uno, umene Azungu anayamba autcha Kimberley Reefs asanaupatse dzina la Bindura m'chaka cha 1913, mvula yakhala ikugwa mosaona nkhope, pa olungama ndi osalungama omwe. Koma Chingerezi chimene ana athu anachitola kusukulu chinadza ndi tsankho limene mvulayo ilibe.

Taonani zochitika mu Januwale. Wokumba golide ku Freda Rebecca, akavumbwa pobwerera kwawo, ali wet, ndipo palibe amtsutsa, ngakhale mwini wake. Koma kalaliki amene wayenda naye njira imodzi, madzi akuchucha m'makutu, nsapato zikulira pa phazi lililonse, sangalole mawu achipongwe otere: iye ali slightly damp, pakuti munthu wa tayi sanyowa monga anthu wamba.

Mawu amene akhutitsa anthu koposa onse ndi damp yemweyo, ndipo akatswiri ake ndiwo eni nyumba a ku Chipadze. Wobwereka chipinda akapita mwaulemu, chipewa chili m'manja, kukadandaula kuti khoma likulira misozi, bulangete lanunkha chuku, ndi kuti nsapato za ku tchalitchi zamera ndevu kunsi kwa bedi, mwini nyumba afika, nakhudza khomalo ndi chala chimodzi, napukuta chalacho pathalauza, nati: "Pepani achimwene, nyumbayi siili wet ayi, ili damp chabe. Ikadakhala wet, bwenzi tikukamba za kutsitsa lendi." Mlandu uthera pomwepo, wodandaula nathokoza, popeza walira mvula walira matope, ndipo wofuna kukhala m'tauni asadabwe ndi chinyontho.

Moist ndi wa amayi. Keke ya paukwati ikatchedwa moist, wophika amwetulira mpaka Khirisimasi; koma wina akangolakwa lilime nati soggy, ngakhale keke ndi yomweyo, akulu a mpingo akhala pansi Loweruka lonse kuyanjanitsa mabanja awiri.

Nanga humid? Ameneyu ndi wa ophunzira a ku yunivesite ya Bindura, amene satuluka thukuta konse. Mu kombi yodzaza yopita ku Harare, malaya atamatirira kumsana, mnyamata akauza agogo oyandikana naye kuti mpweya uli humid, agogowo, amene anakalambira pansi pa mgodi wa Trojan nadziwa kutentha kwenikweni, angoti, "Mdzukulu, tsegula zenera."

Inu eni nyumba a ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo, sitikana maphunziro anu, ndipo khomalo litchuleni monga mufunira. Koma mvula isanabwerenso, chonde gulani malata.