Za ana a mapu ndi zina zomwe zikumveka mu Lilongwe

Pa siteji za kabaza masiku ano nkhani si ya mtengo wa mafuta yokha ayi. Akuti kuli gulu la anyamata ndi atsikana omwe Loweruka likakwana amabereka malaputopu kumsana, n'kukadzitsekera m'chipinda tsiku lonse kujambula madenga a nyumba za eni ake. Chomwe chavuta kulowa m'mitu ya anthu n'chakuti salandira kanthu. Bambo wina mu minibasi ya ku Area 25 atamva zimenezi anafunsa kawiri, kenako anagamula mlandu: "Msonkhano wopanda alawansi? Amenewo ndi mapemphero, achimwene."

Gululi lilipodi. Ena ndi olemba mapulogalamu a m'foni omwe amasonkhana m'malo ngati mHub, ena ndi ophunzira a m'mayunivesite a gulu la YouthMappers. Chomwe amadzaza ndi OpenStreetMap, mapu a dziko lonse omwe Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, ndipo aliyense ali ndi ufulu woikamo zomwe akudziwa. Amatsegula chithunzi chojambulidwa kumwamba, n'kuchigawa m'timabokosi, aliyense n'kutenga kake. Akaona denga alizunguliza mzere, akaona njira aitsata mpaka pomwe yathera. Tsiku lotere amalitcha mapathon. Chakudya chake ndi samusa ndi Sobo, ndipo munthu wolemekezeka kwambiri m'chipindamo ndi amene wabwera ndi chingwe cha magetsi cha mabowo ambiri.

Eni nyumba za lendi ku Chinsapo ndi ku Mtandire aimva mwina nkhaniyi. Iwo akuti ana amenewa atumidwa ndi khonsolo kuti awerenge zipinda zonse zomangidwa kuseri kwa mpanda, msonkho ukwere. Mayi wina akuti anafuna kufolera udzu pamwamba pa malata kuti nyumba yake ioneke ngati khola. Asavutike mayiwa. Pa mapupo pamangolowa kabokosi, popanda dzina la mwini kapena mtengo wa lendi, ndipo denga lawolo aliyense wokhala ndi Google Maps analiona kalekale.

Amene anafikako ku Chigwa cha Shire saseka nawo kwenikweni. Madzi atasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu January 2015, opereka thandizo ankafuna kudziwa kuti pansi pa madziwo panali midzi ingati, sukulu ili pati, mjigo uli pati, njira yodutsa lole ndi iti. Namondwe Idai atawomba mu 2019, ndiponso Freddy mu March 2023, anthu ongodzipereka, ena ali kutsidya kwa nyanja, ankakhala usiku kujambula madenga a m'maboma okhudzidwawo. Ntchito ya Loweruka ija imaoneka yachibwana mpaka tsiku lomwe mlatho wakokoloka.

Koma tibwerere m'tauni, kumene mutu ukuwawa ndi wa olemba mapulogalamu. Iwowa akufuna kuti munthu aitanitse chipisi, mankhwala kapena galimoto pa foni, zim'peze pakhomo. Tsono pakhomopo ndi pati? Mlendo akamva Area 24 ndi Area 25 amayesa ndi zoyandikana, osadziwa kuti ina ili cha ku Ngwenya, ina kumpoto cha ku Kanengo, ulendo wa maminibasi awiri. Akafika m'deralo amauzidwa kuti atsike pa chigayo, akhote kumanja, akaona mtengo wa mango afunse kwa amayi a zitumbuwa. Chigayocho chinatsekedwa mwana wa eni ake asanayambe sukulu, pano pali tchalitchi, koma dzina silinasamuke. Mtengo wa mango anadula oumba njerwa. Akuti pa msonkhano wina mnyamata anaima n'kufunsa mmene angauzire kompyuta kuti "pomwe panali chigayo", anzake n'kugwa nacho chiseko, koma yankho panalibe.

Ena amakumbutsa kuti MACRA ili ndi ntchito yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba. Ena amatama timanambala ta Google totchedwa Plus Codes, toti tikhoza kuloza ngakhale chisakasa cha pa dimba. Zonsezi n'zabwino ndithu. Ine kuona kwanga, tsiku lomwe azakhali a ku Kawale adzaitanire anthu ku chinkhoswe pogwiritsa ntchito manambala amenewo lidakali kutali.

A kabaza ndiye amangopukusa mitu. Iwo akuti foni imanena kuti njira ilipo pomwe mvula ya chaka chatha inasiya chigwembe choti n'kumeza njinga yamoto. Siidziwa kuti msewu wina watsekedwa ndi masamba chifukwa kuli maliro, siidziwa khomo la galu wolusa, siidziwa kona yomwe apolisi a pamsewu amakonda kuima. Mmodzi wa iwo anati ngati ana a mapuwo akufunadi nzeru, abwere pa siteji ndi kope, koma asaiwale ya sopo. Pamenepa sanalakwe. Mapu enieni a mzinda uno ali m'mitu ya anthu opalasa, ndipo pa misonkhano ija sapezekapo.

Ku masaluni nkhani yafika pena. Amayi azindikira kuti WhatsApp ikhoza kuonetsa pomwe munthu ali, ndiye mawu akuti "ndili pa mzere wa mafuta" sakukwaniranso. Akuti tumizani location. Abambo ambiri foni zawo zayamba kuzima zokha ikangokwana 6 koloko. Mwana wina wa ku yunivesite anaonjezera moto pofotokoza kuti foni imadziwa pomwe ili ngakhale bandulo itatha, chifukwa imamvera masetilaiti a GPS omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo ikamva anayi basi yadziwa. Bandulo imafunika potumiza pokha. Amalume ake akuti sakumulankhulitsa mpaka lero.

Za madroni nazo sizikusowa. Chiyambire 2017 pamene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, ndi 2020 pamene sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba mu Lilongwe, ana ambiri akufuna kujambula mapu kuchokera m'mwamba. Agogo ena atauzidwa za ndege yopanda woyendetsa sanadabwe n'komwe. Anati imeneyo anaimva kalekale, kungoti ya masiku awo inali ya lichero ndipo inkauluka usiku.

Mkangano watsopano ndi wa yemwe alowe pa mapu. Mwini malo ena omwera ku Biwi akuti wakhala akusaka ana aja kuti amuikepo, dzina lilembedwe bwino, aonjezere kuti pali kanyenya wa mbuzi. Abusa a pa chigayo paja akufuna pachotsedwe za chigayozo palembedwe dzina la mpingo, lomwe lili ndi mawu asanu ndi atatu. Amayi ophika kachasu kuseri kwa tchalitchiko atumiza uthenga wosiyana: makasitomala awo njira amaidziwa ngakhale mu mdima, ndiye wowaika pa mapu adziwiretu kuti akakumana kwa amfumu.